Oust kapena defenestrate: liwu loyenera ndi liti?

Mtsogoleri akachotsedwa pampando mokakamizidwa, olemba nkhani m'Chingerezi ali ndi mawu awiri oti asankhepo: oust ndi defenestrate. Mawuwa salemera mofanana.

Liwu la oust ndi lofala. Linachokera ku Chifalansa chakale, ndipo poyamba linkamveka m'makhoti pa milandu yolanda munthu malo kapena nyumba. Masiku ano nthawi zambiri limatanthauza kuchotsa munthu paudindo, kaya ndi mavoti kaya ndi mfuti.

Defenestrate ndiye lasenza mbiri. Gwero lake ndi Chilatini: de, "kuchokera pa", ndi fenestra, "zenera". Kwenikweni ndi kuponya munthu kunja kudzera pazenera. Pa 23 Meyi 1618, ku Prague, mzinda womwe lero ndi likulu la dziko la Czech, akuluakulu a Chipulotesitanti anagwira nduna ziwiri za mfumu ya Chikatolika, Vilém Slavata ndi Jaroslav Martinic, pamodzi ndi mlembi wawo, n'kuwaponya pazenera la nyumba yachifumu. Anagwa mamita oposa 15, koma onse atatu anapulumuka. Akatolika ankati anawawakha ndi angelo, pomwe Apulotesitanti ankati anagwera padzala. Apa m'pamene panabukira nkhondo ya zaka 30, yomwe inatha mu 1648.

Kwa ine, defenestrate limakhala bwino pamene munthu wagwetsedwa mwadzidzidzi ndi anzake omwe, monga anachitira a chipani cha Conservative kwa Margaret Thatcher, yemwe anali nduna yaikulu ya dziko la Britain, mu 1990. Koma m'kalata ya kuntchito kapena pa mayeso, lembani oust, owerenga asavutike kutsegula dikishonale.