Injini za two-stroke zokonzedwa: zili bwanji patatha miyezi 9?

Injini yaing'ono ya two-stroke, yoyendera petulo wosakaniza ndi oyilo, ikangochoka m'manja mwa makaniko imalira bwino, pafupifupi iliyonse. Zoona zake zimadziwika pakapita miyezi. Makina atatu akale omwe anakonzedwa nthawi imodzi tsopano atha miyezi 9 ali pantchito: tcheniso ya 50cc, makina otchetchera udzu onyamula paphewa, ndi kajenereta kakang'ono. Awiri sanatsegulidwenso. Tcheniso inanokanso mwezi wachitatu, ndipo vuto silinali ukalamba wake koma kakonzedwe.

Makina otchetchera udzu ndiwo anabweza ndalama msanga. Ankalira choki ikatsekedwa, koma mukangowapatsa moto ankazima. Matenda amenewa nthawi zambiri amachokera ku petulo wogonera. Mu kabuleta ya mtundu wa Walbro kapena Zama muli diaphragm, kansalu kopyapyala ka labala komwe kamayeza mafuta olowa. Katsopano kamakhala kofewa, kakale kamakhuluchuka ngati tsamba louma mukakapinda. Zomwe zinasinthidwa ndi ma diaphragm awiri, magasiketi ake, kapaipi ka mafuta komwe kanali katang'aluka, ndi fyuluta ya m'thanki. Poika, ambiri amasokoneza ndondomeko. Mbali yoyezera mafuta gasiketi ndiyo imayamba kugona pa kabuleta, diaphragm pamwamba pake. Mbali ya pampu diaphragm ndiyo imayamba, gasiketi pambuyo. Mukatembenuza, injini imamwa mafuta mopitirira kapena siikoka n'komwe. Timabowo ta kabuleta musatitokose ndi waya, ndipo musapoperemo mpweya wamphamvu wa kompresa, chifukwa kavavu kam'kati kakaphulika kabuleta yonse yatha.

Vuto lomwe linaonekako pa makina otchetchera udzuwa m'miyezi yonseyi ndi limodzi lokha: mwezi wachisanu mphamvu inayamba kuchepa, injini ikulira mobanika. Kasefa kawaya kotchinga moto ku ekizozi kanali katatsekeka ndi mwaye. Kuchotsa, kuwotcha pamoto mpaka kufiira, kupukuta ndi burashi yawaya, mphindi 10 zokha.

Nkhani yaikulu ili pa tcheniso. Inabwera itanoka, pisitoni itakalika mizere mbali ya ekizozi. Kuona zimenezi sikufuna kumasula injini yonse: chotsani ekizozi, unikani ndi tochi pabowo, kokani chingwe pang'onopang'ono. Mizere ya mbali ya ekizozi imanena za kutentha, ndiye kuti mafuta ankachepa kapena oyilo munalibe. Pisitoni yoperepeseka mbali yolowera mpweya imanena za fumbi lodutsa pa fyuluta. Pakukonza koyamba anaikamo pisitoni ndi silinda zatsopano, injini n'kulira bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Funso loti yoyambayo inapsa chifukwa chiyani silinafunsidwe.

Zizindikiro zinabwera patatha milungu ingapo. Mukasiya moto injini inkachedwa kutsika, tcheni n'kumayendabe yokha. Mukaigoneka chammbali kaliridwe kankasintha, nthawi zina n'kuzima. Sikuluu za kabuleta mukazitchuna m'mawa, masana zasokonekera. Zonsezi ndi zizindikiro za mpweya wolowera pamalo osayenera.

Chifukwa chake chagona pa kapangidwe ka injiniyi. Two-stroke ilibe thanki ya oyilo pansi ngati ya galimoto. Petulo wosakaniza ndi oyilo amadutsa kaye m'chipinda cha crankshaft (chitsulo chomwe pisitoni imazungulitsa) asanakwere ku silinda, ndipo ndiye amafewetsa mabeyaring'i ndi pisitoni. Chipinda chimenechi chiyenera kukhala chotsekeka ndithu. Seal ya pa crankshaft, kalabala kotseka mpata pomwe chitsulocho chimatulukira, ikatha, mpweya umalowa osadzera ku kabuleta, mafuta n'kuchepa, oyilo n'kuchepanso, kutentha n'kukwera mpaka aluminiyamu wa pisitoni kuyamba kumatirira pa silinda. Pa tcheniso iyi inali seal ya mbali ya kilatchi. Kachipangizo kotsika mtengo kuposa zonse ndiko kanapha mapisitoni awiri.

Kuyeza kwake sikovuta. Tsekani khomo la kabuleta ndi la ekizozi ndi tizidutswa ta labala, pulagi ikhale yomangidwa, popani mpweya mpaka 0.5 bar, muyang'ane geji kwa theka la mphindi. Singano ikamatsika, pakani madzi a sopo pa ma seal, pagasiketi ya pansi pa silinda, pa kapaipi ka impulse (koyendetsa pampu ya m'kabuleta) ndi pa labala yolumikiza kabuleta. Pomwe patuluke thovu ndi pomwepo. Mukatero yezaninso moyamwa mpweya, chifukwa seal yotopa imatha kugwira pamene mukupopa koma n'kulephera pamene mukuyamwa. Gwedezaninso crankshaft ndi dzanja mmwamba ndi pansi. Ikamasewera, beyaring'i yatha, ndipo seal yatsopano siikhalitsa pamenepo. Chikonzereni kachiwiri, ma seal onse awiri atasinthidwa, tcheniso yatha miyezi 6 sikuluu zake osakhudzidwa.

Pa silinda pali phunziro lina lomwe linadula ndalama pachabe. Masilinda ambiri a makina abwino amakutidwa mkati ndi Nikasil kapena chrome, zomwe n'zolimba kwambiri kuposa pisitoni. Zomwe zimaoneka ngati mikwingwirima nthawi zambiri ndi aluminiyamu womatirira, ndipo amachoka ndi sandipepa yosalala mukadekha. Yendetsanipo chikhadabo: chikamakodwa m'ngalande yolowa mkati, silinda yatha, koma chikamatsetsereka, gulani pisitoni ndi maring'i okha. Silinda yoyamba ija inatayidwa isanayesedwe motere. Masilinda otchipa osadziwika kochokera amagwira ntchito, koma onani m'mphepete mwa mabowo ake ngati simukuthwa, chifukwa ring'i ikakodwa imathyoka. Timawaya totsekera pini ya pisitoni musabwezerepo takale, ndipo kukamwa kwake kuyang'ane mmwamba kapena pansi, osati chammbali. Kamuvi ka pamutu pa pisitoni kaloze ku ekizozi.

Potchuna, sikuluu ya H ya pa kabuleta, yoyeza mafuta injini ikapatsidwa moto wonse, musaitseke pofuna kuti injini ikuwe mokoma. Mukapatsa moto wonse tcheniso isanakhudze mtengo, iyenera kumveka ngati ikubwibwira pang'ono, kenaka kaliridwe kayere ikalowa m'mtengo. Ikamalira mosalala ili m'malere, mafuta achepa, ndipo pisitoni ili m'njira yopsa.

Kajenereta sikafuna mawu ambiri. Vuto linali dzimbiri la m'thanki lomwe linkatseka jeti. Thanki inatsukidwa, kabuleta inayeretsedwa, pulagi n'kusinthidwa. Kakulira, koma dzimbiri limabwererabe, moti kafyuluta koikidwa papaipi kasinthidwa kawiri. Magetsi ake amakwera n'kutsika katundu akasintha, ndipo zimenezo n'zobadwa nazo, sizikonzeka ndi sipanala. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha koma wakupha, choncho m'nyumba kapena m'galaja sikalizidwa.

Chomwe chasunga makina onsewa ndi mafuta. Muyezo wa 50:1 ndi oyilo 20 ml pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 ml pa malita 5. Wa 40:1 ndi 25 ml, wa 25:1 ndi 40 ml. Tsatirani zomwe wopanga makinawo analemba, ndipo yezani ndi kachikho kapena jakisoni, osati ndi maso. Oyilo akhale wa two-stroke wolembedwa JASO FC kapena FD. Wa galimoto amasiya mwaye womata maring'i, ndipo wa injini za boti wolembedwa TC-W3 anapangidwira injini zozizidwa ndi madzi. Kuthira oyilo wambiri si chitetezo, kumangotseka ekizozi ndi kudetsa pulagi. Petulo wokhala ndi ethanol amayamwa chinyezi ndipo amaumitsa labala, ndiye sakanizani wokwana mwezi umodzi basi. Makina akati akhale osagwira ntchito, khuthulani thanki, muwalize mpaka azime okha.

Nanga kukonza n'kopindula? Yambani ndi geji ya kompuresheni yopangidwira injini zazing'ono. Ikapitirira 120 psi, nthawi zambiri vuto limakhala ku mafuta kapena ku moto wa pulagi, ndipo kukonza kumapindulitsa pafupifupi nthawi zonse: pulagi, fyuluta, kapaipi, diaphragm, mwina koyilo, yomwe mpata wake ndi flywheel (gudumu la maginito) umakhala 0.2 mpaka 0.3 mm. Ikatsika kufika cha m'ma 100 psi kapena kucheperapo, chotsani ekizozi muone pisitoni musanagule chilichonse. Makina a akatswiri, okhala ndi thupi la magnesium, amene silinda yake imangomasulidwa pamwamba, ndi oyenera kuwatayira ndalama ngakhale atakalamba, bola masipeya ake akupezeka. Makina opepuka apanyumba, omwe injini yake inakwiriridwa m'pulasitiki, amafuna kuphwasula chilichonse kuti mufike pa pisitoni, ndipo masipeya ndi ntchito zikaposa theka la mtengo wa atsopano, asiyeni. Pa tcheniso onaninso buleki ya tcheni ndi malabala ochepetsa kunjenjemera, chifukwa injini yabwino pa makina opanda buleki ndi ngozi.

Mwa atatuwa, otchetchera udzu anali oyenera kukonza mosakayikitsa. Tcheniso inali yoyeneranso, ngakhale inadya masipeya kawiri pomwe kamodzi kakanakwana. Kajenereta kakungodikira vuto lotsatira: koyilo kapena mawaya opangira magetsi akadzapsa, kadzangophwasulidwa kuti kabuleta ndi chokokera chake zithandize kena.