Kuthamanga ndi mahedifoni kapena ndi makutu otseguka

Anthu amene amathamanga m'mamawa mu Zomba, makamaka pa msewu wokwera ku Ku Chawe, amasankha pakati pa kuvala mahedifoni ndi kusiya makutu awo otseguka.

Nyimbo zili ndi phindu lenileni. Mu ubongo, mbali imene imalandira mawu imalumikizana ndi mbali zimene zimalamulira minofu, n'chifukwa chake mapazi amatsatira okha kugunda kwa nyimbo monga momwe ovina beni amatsatira ng'oma, ndipo kutopa kumachedwa kumveka. Komabe, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuti phokoso la madesibelo 80 (desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) asalimvere kupitirira maola 40 pa sabata, ndipo amene amakweza nyimbo kuti ziphimbe phokoso la magalimoto amadutsa muyezo umenewu mosavuta.

Makutu otseguka amagwira ntchito imene maso sangathe. Munthu amazindikira kumene phokoso likuchokera chifukwa limafika m'khutu limodzi mofulumirako komanso mwamphamvu kuposa m'khutu linalo, ndipo ubongo umayerekezera kusiyanako munthu asanaganize n'komwe. Pa msewu wokhotakhota wa kuphiri, pamene njinga zolemedwa ndi nkhuni zimatsetsereka mwaliwiro ndipo galimoto siioneka mpaka itafika pakona, khutu ndilo limayamba kuchenjeza miyendo kuti ipatuke. Wothamanga amamvanso mpweya wake ndi kugunda kwa mapazi ake, n'kudziwa msanga ngati wayamba kupondera mwendo umodzi.

Pa bwalo la masewera, mahedifoni ndimawavomereza ndi mtima wonse. Pa msewu wa kuphiri ndi pa msewu waukulu wa M3, ndikupempha othamanga kuti aziwasiya m'thumba.