Malupanga a masajeni pa misika ya kuno ku England

Abale anga kumudziko, kuno kuli anthu omwe amawononga ndalama zawo pa malupanga akale a asilikali. Mnzanga wina wakuntchito, bambo wachikulire, ndi mmodzi mwa iwo, ndipo Lamlungu lina ananditenga kupita ku msika wawo kufupi ndi Leeds. Holo yonse inali matebulo okhaokha: mamendulo, zipewa, mabatani, malupanga ali ndandanda.

Iyeyo a akuluakulu ankhondo alibe nawo ntchito. Amafuna a masajeni, makamaka a ku Japan otchedwa Type 95, omwe boma la kumeneko linawavomereza mu 1935. Ofisala wa ku Japan ankadzigulira yekha lupanga, pomwe sajeni ankachita kupatsidwa ndi boma lupanga la kufakitale, lopangidwa ndi makina. Ndinaligwira limodzi. Chogwirira chake ukachiona umati achikulunga ndi chingwe, koma ayi, ndi aluminiyamu woumbidwa n'kupakidwa penti. Oyambirira anali a mkuwa, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itawathina anayamba kuika zogwirira za mtengo wamba.

Mtengo wake umagona pa nambala. Ina ili pa mpeni, ina pakamwa pa chimake. Zikafanana, wogulitsa amakweza mapewa; zikasiyana, ndiye kuti chimakecho ndi cha lupanga lina, mtengo watsika. Mdala uja anatha nthawi yaitali atawerama ndi kagalasi kake, kusuzumira zidindo za fakitale, chifukwa achinyengo opangidwa dzana ndi mbwee. Chinandiseketsa n'chakuti kukwecha n'koletsedwa. Ife tikadathamangira phulusa ndi mchenga ngati tikutsuka poto, koma kwa iwo penti wakale uja, ngakhale wosupuka, ndiye ndalamayo.

Ambiri mwa malupangawa anabwera kuno ndi asilikali pochokera ku nkhondo ya ku Burma. Apa m'pomwe mtima wanga unagunda, poti agogo athu a King's African Rifles analinso komweko mu 1944, m'chigwa cha Kabaw. Nditamuuza za chipilala cha asilikali chija cha ku Zomba, mdalayo anavula magalasi, n'kundifunsa mafunso mpaka tiyi kuzizira.

Achimwene, musayambe zoti ndikubweretsereni limodzi. Labwino limadya mapaundi mazanamazana, komanso lamulo la kuno silisewera: kuyambira 2008 malupanga opindika okhala ndi mpeni wotalika masentimita 50 kapena kuposa saloledwa kugulitsidwa, kupatula akale ngati amenewa ndi ena osulidwa pamanja. Nanga pabwalo la ndege ndikafotokoza zotani?