Masipika anga a pa maukwati patatha nyengo yathunthu, ndi nkhani ya nyimbo zoikamo

Zida zomwe ndikunena pano ndi masipika awiri a mainchesi 15 okhala ndi ampulifaya mkati mwake, kamikisa kakang'ono, mamaiki awiri opanda chingwe ndi imodzi ya chingwe, batire la 12V 100Ah ndi inveta. Ndinazigula ku Limbe mvula itangosiya, ndipo zagwira ntchito nyengo yonse ya maukwati, kuyambira m'chisanu cha June mpaka mvula zoyamba: pa Chitakale, pa Nkando, ku Chonde, ku Luchenza, ku Limbuli ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa minda ya tiyi komwe magetsi sanafike. Zili zatsopano, aliyense wondifunsa ndinkamuuza zinthu ziwiri zokha, kuti zimamveka patali ndiponso sizivuta kunyamula. Mawu amenewo sindikuwabweza, koma lero ndili ndi zoonjezera, makamaka kwa inu amene muli m'komiti ya ukwati kapena mukuganiza zoyamba geni imeneyi.

Masipika apirira. Akwera matola, anyamulidwapo pa njinga yamoto m'misewu yafumbi, akhala padzuwa tsiku lonse, koma mawu ake sanasinthe. Chimene chafooka ndi timabatani tozungulitsa ta pa mikisa. Fumbi likalowa, kenako n'kukumana ndi chinyontho cha chiperoni chathu chino cha m'munsi mwa phiri la Mulanje, tikamazungulitsidwa timayamba kuthetheka m'masipika. Mankhwala opopera otsukira zida zamagetsi amathandiza, komanso kuphimba mikisa ndi nsalu youma mukangomaliza. Mamaiki opanda chingwe otchipa aja sindingawagulenso. Amadya mabatire, ndipo MC akangolowa pakati pa chikhamu cha anthu mawu amaduka-duka. Ya chingwe ija, imene ndinaigula ngati yongosungira, ndiyo yakhala yodalirika pa ukwati uliwonse.

Za batire ndifotokoze pang'ono, chifukwa ambiri amapusitsika ndi manambala a pa chikwangwani chake. Batire la 12V 100Ah limasunga mphamvu pafupifupi 1,200Wh, koma la mtundu wa asidi silifuna kulitsitsa kupyola theka, apo ayi limafa msanga. Ndiye kuti zomwe muli nazo zenizeni ndi 600Wh, inveta n'kudyapo zake. Pa mwambo wa m'tchalitchi zimenezi ndi zambiri ndithu. Pa madyerero oyamba masana mpaka dzuwa kulowa sizikwana, makamaka achinyamata akayamba kupempha amapiano, pakuti mabesi ndiwo amakoka mphamvu kwambiri. Komwe kulibe magetsi, kapena tsiku limene azima, jenereta ndi yofunika. Muiike kutali kuseri kwa nyumba ndi chingwe chachitali, phokoso lake lisamapikisane ndi malankhulidwe a ankhoswe.

Koma chimene miyezi imeneyi yandionetsa kwambiri si za zitsulo ayi. Ukwati umakoma kapena kuzizira chifukwa cha nyimbo zomwe zasankhidwa, komanso amene anakhalapo pozisankha. Masipika amangokuza chimene mwawapatsa.

Ku tchalitchi ntchito yanga ndi yochepa, ndipo ndimakonda choncho. Nyimbo za kumeneko n'za kwaya, ndipo amazivomereza ndi abusa kapena ansembe. Ku Katolika nyimbo zimatsatira dongosolo la Misa, simungangolowetsa nyimbo yachikondi poti mkwatibwi amaikonda. Ku CCAP makwaya ndi amayi a Mvano amakhala atakonzeka kale. Cha ku Makwasa, kufupi ndi Malamulo, maukwati ambiri a Adventist amakhala Lamlungu, ndipo mabanja ena safuna nyimbo zina kupatula zauzimu ngakhale ku madyerero. Zimenezi mufunse sabata isanakwane, osati m'mawa wa tsikulo. Ine chimene ndimalimbikira m'tchalitchi ndi chimodzi: malonjezo a akwati amveke mpaka ku benchi yomaliza. Mkwatibwi nthawi zambiri amalankhula motsitsa, ali ndi manyazi, chophimba kumaso chili pompo. Maiki ikhale pafupi ndi pakamwa pake, masipika akhale kutsogolo kwa maiki osati kumbuyo, kuti asalire. Anthu ayenda mtunda kudzamva mawu amenewo.

Pa holo kapena pabwalo, nyimbo yoyamba kusamala ndi ya sitepe. Operekeza akwati amakhala ayeserera masabata angapo pa foni ya mmodzi wa iwo, ndipo phazi lililonse analiloweza pa nyimbo imeneyo momwe ilili. Mukaika nyimbo yomweyo koma yojambulidwa mwina, yokhala ndi chiyambi chotalikirapo kapena yothamanga pang'ono, tiana ta kutsogolo timasokonezeka, mzere wonse n'kuphwasuka. Choncho ndimapempha kuti anditumizire nyimbo yeniyeniyo, ndipo pa WhatsApp aitumize ngati document, osati kuijambula ndi maiki ya foni. Yojambula motero pa foni imamveka bwino, koma pa sipika yaikulu imatuluka yopyapyala, yaphokoso. Ndimapitanso ku kuyeserera komaliza ndi sipika imodzi. Nyimbo zonse ndimaziika mu fulashi, m'mafoda otsatana ndi pulogalamu. Bluetooth ndinaisiyira zadzidzidzi, chifukwa foni ikangoitana holo yonse imamva. Ngati palibe kuchitira mwina, foni ikhale pa flight mode.

Tsono perekani-perekani. Apa ndi pamene kusankha nyimbo kumaoneka mu lichero. MC amaitana magulu motsatana: akuchimuna, akuchikazi, ankhoswe, amayi a ku mpingo, anzawo a mkwati a ku esiteti, a banki mkhonde ya mayi a mkwatibwi, achinyamata. Gulu lililonse lili ndi nyimbo imene imalidzutsa pa mpando. Amayi a ku mpingo mukawaikira kolasi yomwe amaimba okha pa misonkhano yawo, amabwera onse pamodzi, zitenje zofanana, nthungululu zili pakamwa, ndipo sachoka msanga. Mukawaikira ya achinyamata, amadzaponya kamodzi mwaulemu n'kubwerera kukakhala. Munthu amafupa nthawi yonse imene akuvina. Ma K50, K100 ndi K200 amene wasinthitsa kwa makashiya amawaponya limodzi-limodzi potsata ng'oma, ndiye nyimbo ikamukomera amabwereranso ku tebulo kukasinthitsa K1,000 ina. N'chifukwa chake ndimakhala maso anga ali pa MC ndi pa bwalo. Gulu likadatenthedwa sindidula nyimbo, ndimaibwereza. Likayamba kuphwa, ndimatsitsa mawu pang'onopang'ono kuti MC aitane ena.

Pa ukwati wina wa cha ku Chonde, akuchikazi ataitanidwa anadzuka ochepa. Agogo ena aakazi, atamanga mpango wawo bwinobwino, anabwera pa tebulo langa n'kuwerama, amvekere: "Mwanangu, za kwathu mulibe m'menemo?" Ndinati, "Zilimo agogo, khalani chire." Nditaika nyimbo ya Chilomwe ya ng'oma zolemera, iwo anayamba okha pakati pa bwalo, mapewa akugwedera. Posakhalitsa amalume a mkwatibwi anavula jekete n'kulowa, azakhali n'kutsatira, mpaka mkwatibwi amene anakhala chowerama tsiku lonse anadzutsa nkhope n'kuseka. Makashiya anachita kupempha lichero lina.

Zimenezi sizodabwitsa kwa munthu wa kuno. Ku Chonde n'komwe a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana mu October chaka ndi chaka, ndipo gule wa tchopa analembedwa ndi UNESCO mu 2014 pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Ng'oma zimenezi anthu anakula nazo. Cha ku Limbuli ndi ku Muloza onjezaninso nyimbo za kutsidya, pakuti mabanja ambiri ali ndi abale ku Milange, ndipo alendo ochokera ku Mozambique amasangalala kumva zakwawo. Banja likaitana oimba ng'oma enieni, ine ndimazimitsa nyimbo zanga n'kungopereka maiki kwa wotsogolera nyimbo. Ng'oma yamoyo sifuna thandizo la sipika pa bwalo la m'mudzi.

Chinthu china chimene ndimachitenga mwamphamvu ndi mawu a m'nyimbo. Pali nyimbo zambiri zovinika bwino zomwe zikunena za kusudzulana, za chibwenzi cha mseri, kapena zonyoza apongozi. Pa bala palibe amaziganizira, koma pa ukwati apongozi enieniwo ali pa mpando wa kutsogolo, abusa ali pambali pawo, ndipo akulu amamva liwu lililonse. Nyimbo iliyonse ndimayamba ndaimvetsera mpaka kumapeto ndisanaiike mu fulashi. Nthawi yodula keke ndi yopereka keke kwa makolo ndimaika nyimbo yofatsa, motsitsa, kuti akwati akamagwada pamaso pa makolo pasakhale chiphokoso. Za achinyamata zili ndi nthawi yake, chakumapeto, akuluakulu atafupa kale.

Choncho masiku ano sindilandira mndandanda wa nyimbo wochokera kwa akwati okha. Ndimapempha kuti tikhale pansi ndi nkhoswe mmodzi wa mbali iliyonse pamodzi ndi MC. Akwati asankhe ya sitepe, yolowera ndi ya keke. Ankhoswe anene zomwe abale awo amavina ndi zomwe mpingo wawo sulola. Kukambirana kumeneku sikutenga nthawi, koma kumachotsa mikangano ya pa tsikulo, ija yoti mlamu wina waima pa tebulo la DJ akulamula kuti nyimbo isinthidwe.

Kwa amene mukufuna kuchita zimenezi ngati bizinesi, dziwaninso kuti nyimbo zili ndi eni ake. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama za oimba, ndipo woimba nyimbo za ena pagulu mwamalonda amayenera kukhala ndi chiphaso chawo. Oimba athu ndi amene amatidyetsa, n'koyenera kuti nawonso apezepo kanthu.

Kodi ndingagulenso zida zomwezi? Masipika ndi mikisa, inde, mosakayika, pa maukwati a m'mudzi, m'matchalitchi ndi m'maholo a sukulu. Pa holo yaikulu kapena bwalo la mpira amachepa, pamafunika kubwereka sipika ya mabesi yapadera. Ndalama ya mamaiki opanda chingwe ndikanaiika pa maiki yachiwiri ya chingwe chachitali ndi batire lina. Mvula ikayamba ntchito imachepa, ndiye panopa zida zili pa thandala m'chipinda chouma, batire ndikulitchaja mwezi ndi mwezi kuti lisafe, ndipo ndikuyenda kwa akuluakulu a magule a kuno kupempha chilolezo chojambula ng'oma zawo bwinobwino, chifukwa nyimbo za Chilomwe zomveka bwino pa sipika yaikulu ndi zomwe zikundiperewera mu fulashi.