Anandizula dzino nkutsekapo ndi magazi anga omwe

Abale anga, amene munaona chithunzi chija tsaya litatupa ngati andiluma mavu, mtima pansi ndili bwino, linali dzino chabe. Koma zomwe anandipanga kuno ndati ndikuuzeni poti ine ndinali ndisanazimvepo.

Ndi dzino lija lakumapeto kwenikweni, lomera munthu utakula kale, zaka 17 mpaka 25 uko, kuno amati wisdom tooth. Langa la mmunsi kumanja linamera chogona, theka lili mkati mwa fupa, likukankha linzake. La kumanzere ndinazulitsa kalekale ndipo ndinaona zakuda. Tsiku loyamba bhobho, lachiwiri bhobho, lachitatu ululu unayamba wochita kufika mpaka kukhutu, mkamwa fungo loipa, mapiritsi kumangokhala ngati ukumeza chabe. Amati dry socket. Ukazula dzino magazi amaundana pa dzenjepo nkukhala ngati chivindikiro, ndiye chikachoka msanga fupa limakhala pamtunda, mpweya ndi chakudya kumalikhudza. Ndisaname vuto linali langa ndemwe, nthawi imeneyo ndinkasuta ndipo ndinkachukucha mkamwa mwamphamvu ati kuti pabala payere, osadziwa kuti ndikudzikokolola ndekha.

Ndiye ulendo uno ndinawafotokozeratu adokotala za mantha angawo, iwo nkuti tikuikirani PRF, dzina lake lonse platelet-rich fibrin. Ine kungovomera osadziwa kuti nchiyani. Ndangokhala pampando paja ndikuona anesi akundimanga lamba pamkono kufunafuna mtsempha, ndinati pepani amayi, ine ndabwerera dzino, nanga mkono walakwa chiyani? Anaseka. Anatenga timachubu tinayi, kalikonse ka 10 ml, ndipo kachubu kakangodzadza amathamangira nako ku kamakina kozungulira kali pakona, centrifuge. Changu chimenecho chili ndi chifukwa, mmachubumo mulibe mankhwala oletsa magazi kuundana ndiye ukazengereza amaundana okha asanalekanitsidwe, ntchito yaonongeka. Kamakinako kanazungulira maminitsi 12, pa liwiro la 2,700 pa miniti, apo nkuti adokotala akulimbana ndi dzino atandibaya jakisoni wa dzanzi.

Atatulutsa anandionetsa kachubu kamodzi pafupi. Magazi anga aja agawikana patatu, pansi pofiira kwambiri, pamwamba timadzi tachikasu, pakati kachinthu kolendewera kachikasu, mundikhululukire koma kanali ngati mamina. Anakatola ndi kopanira, kudula kofiira kokakamira kumunsi, nkukafinya mu kabokosi kachitsulo mpaka kanalimba ngati kachikopa konyowa. Kameneko ndiye PRF yo. Anakanyinda mu dzenje la dzino nkusoka nkhama pamwamba.

Mmene ndinamvera, mmagazi mwathu muli tizinthu tating'ono kwambiri totchedwa ma platelet, tomwe timathamangira pabala ukadzicheka kuti magazi asiye kutuluka. Sitingotseka bala ayi, timatulutsanso zinthu zoitana minofu ndi timitsempha tatsopano kuti timere. Makina aja amasonkhanitsa ma platelet ndi maselo oyera ambiri mu ukonde wa fibrin, timaulusi tomwe timapangika magazi akamaundana, ndiye ukondewo umakhala mu dzenjemo nkumatulutsa zinthuzo pang'onopang'ono kwa sabata kapena kupitirira. Ndinakafufuza pa intaneti usiku ndikulephera kugona. Njirayi anaifalitsa ndi dokotala wa ku France, Joseph Choukroun, mu 2001. Isanabwere panali inzake ya PRP, platelet-rich plasma, imene Robert Marx wa ku America analemba mu 1998 pa za maopaleshoni a nsagwada, koma imeneyo imafuna kuthiramo mankhwala oletsa kuundana kenako ena oundanitsanso, ena ake ochokera ku magazi a ng'ombe. PRF samathiramo kalikonse, ndi magazi ako basi, palibe zoti thupi likana kapena watengera matenda kwa munthu wina. Apa ndipomwe mtima unakhala mmalo, poti ine nkhani za magazi zimandipatsa nthumanzi.

Chimene ndinawakondera adokotalawa nchoti sanandinamize. Anati zimathandiza kuchepetsa mpata wa dry socket komanso ululu ndi kutupa kwa masiku oyamba, koma zoti fupa limera mwachangu akatswiri sanagwirizanebe, ndipo ndikakasuta kapena kumwera pa kapaipi komwera zakumwa kaja zonse zikhoza kupita pachabe, kuyamwa kumakoka chivindikirocho. Anandifunsanso ngati ndimamwa mankhwala osungunula magazi kapena ndili ndi vuto la ma platelet ochepa, zimenezo osabisa. Ena amaitsatsa PRF ngati imachiza chilichonse, mpaka pankhope ndi pa dazi akubaya, zimenezo ine ndilibe nazo mawu.

Kutupa ndinatupa ndithu, chithunzi munachiona, makamaka tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Koma tsiku lachitatu lomwe ndinkaliopa lija ndinadzuka ndikudikirira ululu wa kukhutu, kudikira mpaka madzulo, ziii. Kaya ndi PRF yo, kaya nkuti ulendo uno ndinamvera malangizo, fodya ndinasiya, tsiku loyamba osachukucha osalavula, kuyambira lachiwiri madzi ofunda amchere kungowagwedeza pang'ono nkuwasiya atuluke okha. Mwina zonse pamodzi. Patatha sabata ndinabwerera kukachotsa ulusi, anandipatsa kagalasi, nkhama itayamba kale kutseka.

Chomwe chinachedwa kutha ndi chakuda cha pamkono pomwe anabaya singano, anzanga kuntchito mpaka lero akundifunsabe kuti dzino lako linali pachigongono kodi.