Kuyezetsa machubu a chiberekero pa chipatala china cholipira mu Blantyre

Mayi akakhala nthawi yaitali osatenga pakati, madokotala kawirikawiri amamutumiza kukayezetsa machubu, njira zimene dzira limadutsamo popita m'chiberekero, ndipo ine ndinakayezetsa pa chipatala china cholipira mumzinda muno. Kuyezako kumatchedwa HSG. Amalowetsa mankhwala amadzi kudzera pa khomo la chiberekero, kenako amajambula ndi X-ray kuti aone ngati madziwo akudutsa m'machubu onse awiri, ndipo tsiku lake amalisankha msambo ukangotha, dzira lisanatuluke.

Polandirira alendo sanandisangalatse. Palibe anandichenjeza kuti m'mimba mudzapota ngati nthawi ya msambo, kapena kuti ndibwere ndi padi poti madzi aja amatuluka pambuyo pake, chonsecho ndalama imene amalipiritsa si yochepa.

Chimene ndikuwayamikira ndi dokotala amene anawerenga chithunzicho. Mbali ya kumanzere madzi anaima pamene chubu chimalumikizana ndi chiberekero, koma iwo sanafulumire kunena kuti chatsekeka. Anafotokoza kuti chubu, chomwe chimatalika masentimita 10 mpaka 12, chili ndi minofu imene imafinyika ndi kumasuka payokha, komanso timaubweya tam'kati timene timakankha dzira, moti dzira lokumana ndi umuna limatenga masiku 3 kapena 4 kuti lifike m'chiberekero. Minofuyo imamvera timapuloteni tating'ono totchedwa peptide, timene timagwira ntchito pokhapokha titamatirira pa malo ake apadera otchedwa receptor. Mwa timapuloteniti muli oxytocin, yemwe azamba amabaya mayi akangobereka kuti chiberekero chikhwimbe. Wina wotchedwa endothelin-1 amafinyitsa chubu, pamene wina wotchedwa VIP amamasula minofuyo. Choncho chubu chabwinobwino chikhoza kukokana panthawi yoyeza n'kuoneka ngati chotsekeka, ndipo n'chifukwa chake madokotala ena amapereka mankhwala omasula minofu otchedwa Buscopan asanayambe, ngakhale kuti ine sanandipatse.

Anandiuzanso mosabisa kuti HSG imangoonetsa ngati njira ili yotseguka, koma siinganene ngati minofu ndi timaubweya tija zikugwira ntchito. Chinzonono ndi chlamydia, matenda enanso opatsirana pogonana, zimatha kuwononga m'kati mwa chubu osachitseka, kusuta fodya nakonso kumasokoneza kayendedwe ka dzira, ndipo apa ndi pamene pamachokera mimba zambiri zokhala kunja kwa chiberekero, zomwe zoposa 90 pa 100 zilizonse zimakhazikika m'chubu. Kunena zoona, mfundo imeneyi inayenera kulembedwa pa pepala la zotsatira, chifukwa amayi ambiri amapita nalo kunyumba kumene apongozi akudikira yankho la mawu amodzi.

Amene mukufuna kupitako, pemphani nthawi yokambirana ndi dokotala, osangotenga chithunzi n'kunyamuka. Ngati mbali imodzi yaoneka yotsekeka pafupi ndi chiberekero, funsani za kubwereza kuyezako kapena za laparoscopy, yomwe ndi kuona m'mimba ndi kakamera kolowetsedwa pa kabowo kakang'ono, ndipo bambo nawonso akayezetse umuna nthawi yomweyo.