Pulogalamu ya hearWHO: kuyeza makutu pa foni kwa ife a ntchito zaphokoso

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Johannesburg timapezera chakudya pa ntchito zaphokoso, monga kuwotcherera zitsulo, kudula matailosi ndiponso kutchetcha kapinga ndi makina, ndipo makutu amagontha pang'onopang'ono mwini wake osazindikira, kufikira tsiku limene apabanja ayamba kudandaula kuti wailesi waikweza kwambiri. Malamulo a dziko lino amaika malire a phokoso la kuntchito pa madesibelo 85 (desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso), koma waganyu wongotengedwa pamsewu m'mamawa sapatsidwa kawirikawiri zotseka m'makutu. N'chifukwa chake ndinaika hearWHO pa foni yanga, ndipo ndikuona kuti ndi yoyenera kuiyamikira.

Pulogalamuyi ndi yaulere, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaitulutsa mu 2019, koma mizu yake ili pafupi, ku University of Pretoria, kumene Pulofesa De Wet Swanepoel, katswiri wa za kumva, anagwirizana ndi a Herman Myburgh a ku dipatimenti ya uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta pofufuza njira zoyezera makutu ndi foni. Kafukufukuyo anabala kampani ya hearX, yomwe mu 2016 inatulutsa hearZA, yoyeza mwa njira yomweyi.

Munthu amavala mahedifoni, ndipo amamva manambala atatu akutchulidwa mkati mwa phokoso, n'kuwalemba pa foni. Izi zimachitika ka 23. Akalondola, manambala otsatira amamira kwambiri m'phokosomo, ndipo akaphonya amamvekako bwino, kufikira foni itapeza malire a khutu lake. Luso la mainjiniyawa lagona pamenepa: popeza chimene chikuyezedwa ndi kusiyana kwa mphamvu ya mawu ndi ya phokoso, osati kukwera kwa mawu pawokha, mahedifoni wamba amagwira ntchito popanda makina odula a kuchipatala. Komanso kulephera kutola mawu pakati pa phokoso, monga m'minibasi kapena pa msonkhano wa bungwe la maliro, ndiko kumene kumayamba kusautsa munthu amene makutu ake akuwonongeka. Manambalawo amatchulidwa m'Chingerezi, koma zimenezo sizingavute Mmalawi, pakuti ngakhale agogo kumudzi nambala ya foni amaitchula m'Chingerezi momwemo.

Pomaliza pulogalamuyi imapereka malikisi. Oposa 75 amasonyeza kuti makutu ali bwino, pamene ochepera 50 amasonyeza kuti pangakhale vuto lofunika kukaonetsa.

Zofooka zilipo. Imafuna malo a zii, chinthu chosowa kwa ogona anayi m'chipinda chimodzi ku Yeoville kapena ku Hillbrow, ndiye ndi bwino kuyeza m'bandakucha. Chachikulu n'chakuti imangochenjeza, sinena chimene chayambitsa vutolo, kaya ndi litsiro louma lotseka khutu, lomwe anamwino angachotse, kaya ndi kuwonongeka kwa m'kati mwenimweni mwa khutu chifukwa cha phokoso, komwe sikubwerera mwakale. Amene wapeza malikisi otsika ayambire ku kiliniki ya m'dera lake, kuti amutumize kwa akatswiri a makutu ku zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath.